Nkhope za ku Mafinga Zopanda Mayina

Lolemba, 11 Novembala 2024

Kapitawo wafa. Mphenzi ya dzulo masana yamuotcha, m'kachipinda ka makompyuta mukungonunkha pulasitiki wopserera.

Ndilembe bwino pano kuti ndisakasokoneze pamaso pa komiti. A polojekiti imene inkatithandiza asanapakire n'kubwerera kwawo anatisiyira makompyuta asanu ngati ndife banki, chikhalirecho ndife kopaletivu yogulitsa uchi. Atatu amasunga zidutswa za mafayilo, awiri pano pa Boma la Chitipa, imodzi ku sitolo yathu ku Lufita. Yachinayi ndi seva imene ndinaitcha Kapitawo, chifukwa sasenza kanthu koma amadziwa kumene kanthu kalikonse kali. Iye ndiye amasunga kaundula wa mayina a mafayilo ndi zidutswa zake. Yachisanu ndi Mlembi, ntchito yake kukopera kaundulayo ola lililonse, kuchitira tsiku ngati lalero.

Bwana Bernard, manijala wathu, analowa atapisa manja m'thumba. "A Justina, tangoizimitsani n'kuiyatsanso." Ndinati yazima kale yokha, bwana, ndipo za kuyaka sikuzifunanso.

Lolemba likudzali kukubwera woyendera wa kampani yogula uchi. Mlimi amene alibe fayilo, ya chithunzi chake ataima pa mng'oma ndi dzina lake, uchi wake salandira chaka chino. Alimi 380 a ku Mafinga ali m'menemo. Eluby, mlangizi wathu, wakhala akukwera mapiri ndi tabuleti kuyambira Ogasiti kuwalemba mmodzimmodzi.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mlembi ali patebulo la bwana, wafunda kansalu koluka, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki.

Anamunyamula pa 5 Julaye, tsiku limene kunabwera alendo, ati manijala sangajambulidwe patebulo lopanda kompyuta. Anaikapo sikirini yopanda chingwe, chithunzi chinaoneka bwino, mpaka chinalowa mu lipoti. Kuyambira tsikulo Mlembi sanalawenso magetsi. Choncho kaundula wathu wotsala ndi wa Julaye, sadziwa mlimi ngakhale mmodzi wa Eluby.

Ndingakonde kunena kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa. Ndinafunsa kamodzi, anati mawa, ine n'kusiya poopa kuoneka wamwano. Miyezi inayi ndakhala ndikupatsa moni maluwa amenewo m'mawa uliwonse. Ndadzikwiyira koopsa.

Nditachotsa kansalu kuti ndimunyamule, bwana anati, "Mubwezetu mukatha."

Lachitatu, 13 Novembala

Mlembi wadzuka, ndipo ndamukweza kukhala Kapitawo watsopano. Kukwezedwa pa ntchito atagona miyezi inayi, zodziwikatu kuno.

Koma pali msampha. Akangolumikizana ndi makompyuta osunga aja, iwo amuuza zidutswa zonse ali nazo. Chilichonse chimene mulibe m'kaundula wake wa Julaye achiyesa chinyalala, alamula kuti chifufutidwe, ndipo iwo samatsutsa. Ndiye ndazula zingwe zonse za netiweki. Ndikopere kaye zidutswa pambali. Pachitseko ndamata pepala, zilembo zazikulu ngati za pa minibasi: MUSALUMIKIZE CHINGWE CHILICHONSE.

Eluby anabwera masana, nsapato zili matope okhaokha. "Mwatandala uli, a Justina? Anthu anga alimo?" Ndinati alimo, koma mayina awo ndiwo tikufunafuna. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti ng'ombe ilipo koma mutu tikufunafuna. Tabuleti imafufuta yokha ikatumiza, zimenezo ndinakonza ndine, ndinkati zamakono.

Ndaimbira a Yohane, osunga sitolo ku Lufita, kuti asayatse kompyuta yakumeneko. "Yayi mama, ine ndinazula kale. Mitambo ikangoda ine ndimazula zonse, kaya mukalipe." Ndipo ndawakalipira kangapo chaka chino, mpaka kuwalembera kalata yowachenjeza. Lero ndinangowathokoza kuti yewo, adada.

Lachinayi, 14 Novembala



Ndinakwera kabaza kupita ku Lufita kukatenga kompyuta ija ndi disiki yaikulu yokoperapo. Maola awiri athunthu, chifukwa a Yohane anaumirira kuti tiikulunge m'thumba la feteleza ndi bulangete lawo. Pobwerera ndinapeza chitseko cha kachipinda chili pululu, pepala langa lili pansi, bwana ndi wapampando wa komiti ataima mkati ngati akuona mwana wobadwa kumene. Timagetsi tobiriwira tikuphethira. Zingwe zonse zili m'malo mwake, mwaudongo ndithu.

Bwana anati, "Taonani a Justina, zabwerera! Ndinaimbira mlamu wanga ku Mzuzu, amadziwa makompyuta. Akuti vuto linali zingwe basi."

Wapampando anali akugwedeza mutu, akuti utsogoleri ndi umenewu.

Ndinazula magetsi osapempha. Mochedwa. Kapitawo watsopano anali atasesa kale, zidutswa zonse za kuyambira Julaye zapita pa makompyuta onse awiri. Pepala lija bwana analiona, akuti ankayesa ndalembera oyeretsa. Safunsa anadya phula, koma phula la lero adya ndi alimi a ku Mafinga, amene dzina la mlamuyo salidziwa n'komwe.

Ndinalira m'bafa, pang'ono. Kenako ndinatenga kompyuta ya ku Lufita, ikadali m'bulangete, n'kupita nayo kunyumba. Ili pansi pa bedi langa. Zonse zatsala m'menemo.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndakopera kawiri, disiki ina ndasungitsa kwa aneba.

Zithunzi zikutseguka, 1,046. Malo a mng'oma uliwonse ali mkati mwa chithunzi, amenewo apulumuka. Koma dzina lililonse ndi nambala yaitali yopanda mutu. Nkhope, nkhope, nkhope, abambo ovala zipewa, amayi atatsinzina ndi dzuwa, wina wavala jekete la suti pakati pa tchire. Sindidziwa ngakhale mmodzi. Zaka zitatu ndili ku Chitipa, ku Mafinga ndimangokuona pa mapu.

Bwana atumiza uthenga pa gulu la ofesi: tonse tiphunzirepo kusamala zipangizo.

Loweruka, 16 Novembala

Eluby anafika ndi mbandakucha, nthochi m'jumbo. Tinakhala pa mkeka, laputopu pampando. Ine kutsegula chithunzi, iye kutchula dzina, ine kulemba.

"Awa ndi a Mwiza Sibale. Awa a Brave, koma si a kumtsinje, ndi ena aja a mng'oma wam'mtengo wopindika. Uyu Wezi, mng'oma ndi wa amuna ake koma amafula ndi iyeyu, lembani iyeyu." Sanachite chibwibwi. Wa suti uja akuti anamudikiritsa ola lathunthu kuti akasinthe. Pena ankaseka, pena ankandiuza amene mwana wake wadwala, ine n'kumati Eluby, dzina lokha. Asanu ndi mmodzi anakayika, anawajambula pa sikirini n'kutumizira atsogoleri a makalabu, mayankho anabwera tisanamalize nthochi.

Mtsikana ameneyu ndinkamuseka kuti amatha mphindi makumi awiri pa moni yekha, za ana, za mbuzi, za mwendo wa apongozi, asanatulutse tabuleti. Ndinkati n'chifukwa chake ntchito ya mwezi umodzi yatenga itatu. Lero ndachita manyazi.

Tawerenga madzulo, 349. Akusowa 31, onse a sabata yomaliza ya Okotobala. Masiku amenewo kunkachita mabingu, a Yohane anali atazula, ndiye zithunzizo zinali pa makompyuta a pa Boma okha, aja anakonza mlamu. Mafayilo akale ndawabwezeretsa onse, atsopano ndawalowetsa ndi mayina awo. Chitseko ndagulira loko wanga.

Lamulungu, 17 Novembala

Eluby sanapite ku tchalitchi, wakwera ku Mafinga pa njinga yamoto. Wapeza 22, wawajambulanso. Asanu ndi anayi ali kutsidya, mtsinje wadzaza.

Lolemba, 18 Novembala

Woyendera ndi mayi Emelda, achete, magalasi pamphuno, tiyi anakana. Anasankha mayina khumi mwachisawawa, onse anatseguka. Bwana anafotokoza momwe "tinagwirira ntchito usana ndi usiku" pambuyo pa mphenzi. Patebulo pawo pali sikirini yokha ndi maluwa, kansalu akafunditsa katoni.

Kenako mayiwo anaika chala pa mndandanda. "Pano mwalemba 380, ine ndikuona 371. Enawa ali kuti?"

Bwana anapumira m'mwamba, mwachifundo. "Mukudziwa mayi, ana athu a kumudzi awa nthawi zina amadumpha makomo. Phiri likakula, mwendo umafuna kubwerera. Tikambirana naye."

Eluby anali chiimire pakhomo, chifukwa mpando sanamupatse. Anangoyang'ana pansi. Akakolo ake anali otupa ndi ulendo wadzulo.

Ndinamva mawu anga ndisanaganize. Ndinati mayi, Eluby sanadumphe khomo lililonse. Anthu asanu ndi anayiwo anawajambula mu Okotobala, ndipo tinawafufuta muno mu ofesi. Ine ndinalekerera kompyuta yofunika ikugona miyezi inayi pansi pa maluwa awo, ndipo bwana analumikiza zingwe Lachinayi pepala loletsa lili pachitseko. Makina amalemba nthawi ya chilichonse, ndingakuonetseni.

Wapampando anayamba kuwerenga kalendala yapakhoma ngati muli nkhani. Mayi Emelda analemba, analembanso, kenako anati ali ku Chitipa mpaka Lachitatu masana, zithunzi zikafika azilandira.

Atatuluka, bwana anandiuza chapansipansi kuti kontilakiti yanga ikutha Disembala, ndizikumbukira. Ndikukumbukira. Mantha ndili nawo, sindinama, kwathu ku Balaka kulibe seva yondidikira.

Panja Eluby sananene zikomo. Anayang'ana nsapato zanga zakuofesi, anapukusa mutu, n'kupita pa njinga yake. Anabwera ndi jombo, zazikulu, za mchimwene wake.

"Madzi afika m'chiuno, munthu mmodzi sawoloka ndi tabuleti. Mumatha kusambira, a Justina?"

Sinditha. Jombozo ndavala kale.