Ndalama Zimafika, Foni Silira

Wokondedwa mwana wanga chisamba,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako, wa bambo ako ndi wa mng'ono wako mzime. Kodi chifuwa cha bambo ako chija chinaleka, kapena akupalabe matabwa osamanga kansalu pamphuno? Nanga mzime, dzino linkagwedera lija linachoka? Ine kuno kudziko la eni ndili bwino, kungoti mapazi amatupa madzulo, koma ndikawaviika m'madzi ofunda amaphwa.

Uthenga wako ndinaulandira ndipo ndauwerenga kambirimbiri. Unandifunsa kuti ndatani kubwereranso ku shopu yodula ija yotumizira ndalama, pamene unandiikira kale njira yotchipa pafoni. Unati ndalama imene andidula mwezi uno ikanagula nsapato za mzime zakusukulu. Sunaname. Ndinawerengera ndekha, ikanagula ndithu, n'kutsalako ya sokosi.

Ndinayesa kukuyankha pafoni pomwepo, koma zala zangazi ndi zazikulu, ndikalemba mawu awiri achitatu athawa. Ndiye ndagula pepala. Uwerenge modekha mpaka kumapeto, usalumphe mizere monga umachitira ndi mapepala a m'mabokosi a mankhwala.

Choyamba, usaganize kuti wina wandipusitsa. Ndalama yotumizira imandiwawa ine kuposa munthu aliyense, chifukwa ndine amene ndimaimirira tsiku lonse kuti ipezeke.

Nditangofika kuno, tsiku langa lopuma ndinkalithera mumsewu, kulowa shopu iyi, kutuluka, kulowa ina, kuwerenga mitengo pamabolodi awo. Ena amalemba ndi zilembo zazikulu kuti kutumiza ndi ulere, koma amakudyera posintha ndalama. Ena amadula pang'ono kuno, n'kukamudulanso wolandira uko. Ndinaphunzira kufunsa funso limodzi basi, lakuti ndikakupatsani izi, m'manja mwa mwamuna wanga mukagwa zingati.

Ndinakhazikika pa shopu ya bambo wina wachikulire amene ife obwera timangomuti Wamagalasi, poti amakhala kuseri kwa galasi atavalanso magalasi. Amagulitsanso masutikesi ndi zingwe zotchajira foni. Mwa onse amene ndinayendera, iyeyu ndiye ankadula mwachifundo.

Kenako iwe unachita ntchito yonseyo madzulo amodzi uli pampando. Unayerekeza makampani angapo pafoni yako n'kupeza ina yodula pafupifupi theka la Wamagalasi. Unandiphunzitsa moleza mtima, ngakhale unandiseka kuti ndimadina foni ngati ndikupha nsikidzi. Ndinanyada kwambiri. Ngakhale anzanga akuntchito ndinawaonetsa, ndikuloza chithunzi chako n'kudziguguda pachifuwa kuti adziwe kuti nzeruzo ndi za mwana wanga.

Njira yako ndi yabwino, pa ichi ndilibe mawu. Koma inandichotsera chinthu china chimene sindinkadziwa kuti ndinkachigula limodzi ndi mtengo wodula uja.

Ukukumbukira mmene zinkakhalira? Wamagalasi ankandipatsa nambala yachinsinsi yoti bambo ako akaonetse kwa ejenti. Bambo ako ankakana kuilandira pa uthenga, ati timanambala ta pafoni timavina m'maso mwawo. Ndiye ndinkaimba. Ndikangoti lembani, iwo ankati ndidikire afune pensulo. Munthu kalipentala, pensulo imakhala kukhutu kwake usana wonse, koma tsiku limenelo inkasowa.

Iwo akufuna pensulo, foni inkayenda m'manja. Iwe unkandiuza za kuntchito kwako kusitolo ndi mtengo wa sopo. Mzime ankandiimbira nyimbo yakusukulu mpaka mpweya kumuthera. Ndinkamva chitseko cha kukhitchini chikulira, ndinkamva wailesi ya aneba. Bambo ako akabwera ankalemba nambala imodzi imodzi, n'kundiwerengera kawiri, pakati n'kulowetsapo nkhani ya kasitomala amene wakana kulipira mpando. Ine ndinkadandaula kuti mayunitsi akutha, koma foni sindinkadula.

Tsopano ndikadina, ndalama zimalowa mu foni ya bambo ako ndisanaike n'komwe yanga pansi. Iwe umandilembera kuti zafika, zikomo Amayi, n'kuikapo kachithunzi ka manja awiri. Mwezi woyamba ndinasangalala. Wachiwiri ndinati anthu atanganidwa. Miyezi inapitirira choncho, ndipo palibe amene analakwa. Panalibe nambala yoti munthu aimbire, basi.

Mwina sindinakufotokozere bwino mmene ndimakhalira kuno, poopa kukudetsani nkhawa. Kochapira zovala za hotela, kumene ndimagwira ntchito, kuli pansi pa nthaka, kulibe zenera. Ine ndimaima pa makina aakulu ositira nsalu zapabedi. Ndimagwira ngodya ziwiri, mnzanga amagwira zina ziwiri, n'kuilowetsa nsalu yowongoka bwino kuti isatuluke ndi makwinya. Phokoso lake ndi loti ngakhale ukuwe palibe akumve. Mnzangayo ndi munthu wabwino koma chilankhulo chake sindichimva, changa sachimva. Timalankhulana ndi zibwano ndi nsidze.

Kuchipinda ndimakhala ndi mtsikana wina wosesa m'maofesi usiku. Ine ndikamalowa iye watuluka kale, ndikamatuluka iye sanafike. Ndimadziwa kuti ali moyo ndikapeza ketulo ili yofunda kapena thaulo lake lili lonyowa pa msomali. Zenera lathu linayang'ana khoma la nyumba ina, pafupi kwambiri moti ndikhoza kulikhudza ndi tsache.

Tsiku lina dalaivala wa basi anandifunsa kanthu, ine poti ndiyankhe, mawu anatuluka osasa ngati a munthu wodwala. Ndinachita mantha. Nditakhala pampando ndinayamba kuganiza kuti ndinalankhula liti komaliza, ndipo sindinakumbuke.

Udzati bwanji osangoimba, foni muli nayo. Ndinaimba, mwana wanga. Iwe unali kuntchito tsiku limenelo, kaya anakuuza kaya sanakuuze. Panali pakati pa mwezi, ndilibe ndalama yotumiza, ndilibe nkhani iliyonse. Bambo ako atangoyankha, moni sanapereke. Anafunsa kuti kwagwanji. Ndinati palibe. Anati ndisawabisire, kodi andichotsa ntchito, kodi mapepala anga avuta, kodi ndili m'chipatala. Ndinamva atazimitsa makina ocheka matabwa, chinthu chimene sachita ngakhale kubwere mlendo.

Ndinabwereza kuti ndili bwino, ndimangofuna kumva za kunyumba. Kenako anati ndiye ndawaopsezeranji, munthu wa mtima wofooka ngati iwo. Anati onse ali bwino, kasitomala akudikira, ndisamale mayunitsi. Sanandikalipire ayi. Koma ndinachita manyazi ngati munthu amene wagogoda pakhomo la eni nthawi ya chakudya. Kwathu tinazolowera kuti foni yochokera kutali imabwera ndi ndalama kapena ndi maliro, ndipo yanga inalibe zonse ziwiri. Sindinayesenso.

Ndiye malipiro a mwezi uno atabwera, ndinakhala pabedi foni ili m'manja, zonse nditalemba kale, pangotsala kudina. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinavala nsapato, ndinapita kukatapa ndalama pa makina, n'kukwera basi ya kwa Wamagalasi.

Shopu ija yasintha. Kale pankakhala mzere mpaka panja, anthu akukangana za mitengo m'zilankhulo zosiyanasiyana. Ndinapeza mulibe munthu, masutikesi atachita fumbi. Mkuluyo anandizindikira. Anandifunsa, mwa mawu ochepa amene timamvana, ngati foni yanga yabedwa. Ndinati ayi. Anatembenuza kompyuta yake kundionetsa mtengo, n'kunena kuti pafoni ndi potchipa, ngakhale iye mwini amatumizira mlongo wake pafoni. Ndinati ndikudziwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, sanafunsenso, anangondipatsa nambala.

Zimene zinatsatira ukuzidziwa mbali imodzi. Bambo ako anadandaula kuti tsopano akwerenso minibasi kupita kwa ejenti. Koma mawu awo anali awo enieni, opanda mantha. Anati ndidikire, ndipo foni inagwera m'manja mwa mzime.

Mwanayo mawu ake akula, poyamba ndinayesa ndiwe. Anandiuza kuti aphunzitsi ake anasintha, kuti mphaka uja anasowa, kuti chitseko cha kukhitchini bambo ako anachikonza ndipo sichiliranso. Kenako anati, ngati akunena za nyengo, mnyamata wokonza magetsi uja anabweranso, ulendo uno ndi amalume ake, onse atavala majekete, ndipo anakhala pabalaza ndi bambo ako mpaka dzuwa kupendeka. Ndinafunsa kuti mnyamata wake uti. Anaseka, ati Amayi inunso, wa achemwali uja, dziko lonse likudziwa.

Dziko lonse likudziwa, mwana wanga.

Ndinali nditaima panja pa shopu, pafupi ndi mgolo wa zinyalala, anthu akundidutsa uku ndi uku. Ndinatsamira khoma. Bambo ako atabwerera pafoni ndinawawerengera nambala bwinobwino, sindinalakwitse ngakhale imodzi. Za mnyamatayo sindinafunse, iwonso sananene. Mwina amayesa iwe unandiuza. Mwina iwe umayesa iwo anandiuza.

Sindikukuimba mlandu. Ndaganiza kwambiri ndipo ndaona kuti nkhani yotere munthu sangailembe pansi pa mawu akuti zafika, zikomo Amayi. Imafuna munthu ayambe walankhula za sopo, za mphaka, za mvula, kenako itulukire yokha. Ndikudziwanso kuti ukanandiimbira pakati pa mwezi ine ndikanayamba ndi kukuwa kuti kwagwanji, chimodzimodzi bambo ako. Matenda ake ndi amodzi tonse.

Koma ndikuopa. Ndinabwera kuno kuti iwe umalize sukulu, mzime asasowe kanthu, bambo ako agule makina aja. Zonsezo zikuchitika. Chimene ndikuopa n'chakuti ndidzasanduka dzina lotuluka pafoni kamodzi pamwezi. Ndidzatumiza ndalama ya diresi la ukwati ndisanamve mawu a mkamwini wanga, ndipo nonse mudzandithokoza ndi mtima wonse, n'kuikapo kachithunzi ka manja awiri.

Mzime undipepesere za nsapato. Umuuze kuti mwezi wamawa zibwera, ndapempha kale kugwira maola owonjezera. Umuyeze phazi madzulo, osati m'mawa, ndipo usiye malo a chala chimodzi kutsogolo.

Kwa Wamagalasi sindibwererako. Ndalama ija inandiwawa, ndipo si nzeru kulipira mlendo kuti ndimve mawu a ana anga. Ndibwerera ku njira yako. Ukapezanso ina yotchipa kuposa imeneyi undiuze, ndidzaphunzira, ngakhale undiseke.

Pempho langa ndi ili. Lamlungu loyamba ndikalandira malipiro, ndidzatumiza ndalama m'mawa. Ndinaganizapo zoti ndizidikira muimbe kaye ndiye ndidine, koma ndaona kuti n'zoipa. Sindikufuna mzime akule akudziwa kuti moni wake ndi umene umatsegula chikwama cha mayi ake. Ndalama zidzafika kaye, muimbe musaimbe.

Zikafika, ukhale pamodzi ndi bambo ako ndi mng'ono wako, undiflashe. Kungoflasha basi, ine ndidzaimba, mayunitsi ndi anga. Ndawerengera, ndi kachigawo kochepa chabe ka zimene unatipulumutsira. Bambo ako uwachenjezeretu kuti kulibe maliro, kulibe matenda, asazimitse makina. Mukasowa chonena musadule. Ingoikani foni patebulo muzichita zanu, ine ndizimva mbale zikugundana.

Tsiku limenelo sindichapa, sindipita kumsika. Ndidzakhala pabedi foni ili yodzaza moto. Mukaiwala sindidzakwiya, ndipo mwezi wotsatira ndidzakhalanso pomwepo.

Kalatayi usawawerengere bambo ako yonse, ndime ya tsiku lija ndinawaopseza uilumphe, angadzimve olakwa. Uwauze kuti ndimawakumbukira, ndipo amwe mankhwala a mtima mpaka atha, osati kuleka akangomva bwino. Upereke moni kwa azakhali ako, kwa amalume ako ndi kwa aneba a wailesi aja. Mulungu akusungeni nonse, akupatse iwe nzeru pa zimene zili patsogolo pako.

Mnyamata wamagetsiyo usamupatse kaye moni wanga. Ndiyambe ndamva za iye kuchokera pakamwa pako.

Ndine mayi ako wokukonda.