Mizere Isanu ya a Telala

Kwa bambo a nyumba yoferedwa, ana awo awiri, abale, anansi ndi onse amene uthenga uno uwafike,

Ine wapampando wa Bungwe la Osamalira Odwala Ubongo ndi Mitsempha, ndikulemba ndi mtima wosweka m'malo mwa mamembala onse, pa imfa ya mayi athu, mlangizi wathu ndiponso mnzathu, amene makasitomala awo ankawadziwa kuti a Telala, koma ife pa misonkhano tinkangowaitana kuti a Mizere. Anatisiya Lachiwiri la sabata yatha, dzuwa lili paliwombo, atakhala pa makina awo osokera. Ndinene mosabisa mawu kuti maliro amene tinkawayembekezera m'nyumba imeneyo si amenewa, pakuti tonse tinkaganiza kuti wodwala ndiye adzatsogole.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi, malemuwa anasamalira amuna awo, amene kale ankagawa makalata a positi, atagwidwa ndi matenda a mu ubongo amene amanjenjemeretsa manja ndi kuumitsa miyendo. Amene sanawaonepo matendawa adziwe kuti wodwala amatha kuyenda bwinobwino, koma akafika pakhomo mapazi amamatirira pansi, ndipo angathe kuima pomwepo mpaka kugwa. A Telala sanadandaule. Anatenga tepi yawo yoyezera zovala, nayeza phazi la amuna awo, nagula tepi yomata yachikasu, namata mizere isanu pansi, kuyambira pakhomo la kuchipinda kukafika pa mpando wa pawindo m'balaza. Akatero ankaima kutsogolo n'kumawerenga: "Umodzi. Iwiri. Itatu. Inayi. Isanu. Khalani, bwana." Ndipo bambo ankalumpha mzere uliwonse ngati munthu wabwinobwino. Nzeru imeneyi sanaibise. Analowa m'nyumba za mamembala athu zoposa makumi atatu, akukwawa ndi maondo, sizasi ili m'thumba, kumata mizere ndi kuphunzitsa anthu kuwerenga mosathamanga, anasokera odwala athu malaya opanda mabatani, nadzudzula aliyense wokoka wodwala pamkono, amvekere, "Musamukoke, si mbuzi. Muwerengereni." Ankatiseketsanso pamene ife tinkafuna kulira. "Akuluakuluwa anapondaponda misewu yonse ndi makalata a eni," ankatero, "lero akufuna chilolezo kuti alowe m'balaza mwawo."

Mwana wawo wamkazi, amene ndi mphunzitsi, wandilola kufotokoza zimene zinatsatira, chifukwa moyo wa bambo ake uli pachiswe ndipo onse olowa m'nyumbamo ayenera kuzidziwa.

Tsiku la imfalo iye anafika kuchokera kusukulu cha m'ma folo koloko. Anapeza amayi ake atatsamira pa makina, nsalu ili pansi pa singano, thupi litazizira kale. Bambo ake anali chiimire pakhomo la kuchipinda, zala za phazi zitagunda mzere woyamba, maso ali pa akazi awo. Anali ataima pamenepo kuyambira masana. Mwanayo atawafunsa chifukwa chake sanaitane anansi, iwo anayankha ndi mawu awo otsika aja: "Ndimadikira awerenge."

Apa ndiye ndilankhule mokwiya pang'ono, ndipo mundikhululukire. Pokonza nyumba kuti mulowe alendo, azilamu a malemu, anthu amene pa zaka zonsezi sanabwere n'kamodzi komwe kudzawatembenuza bambowa pabedi, anaona mizere ija n'kuiyesa uve. Anaimatula ndi mpeni, nakwecha pansi ndi sopo mpaka kuwala, nanyadira kuti agwira ntchito. Sindikuti anali ndi mtima woipa, ndikuti akanafunsa. Kuyambira pamenepo bambo sanathenso kutuluka m'chipinda, ndipo ku maliro a akazi awo anachita kunyamulidwa pa mpando ngati katundu.

Lolemba masana, alendo onse atabalalika, mphunzitsiyu ankatsuka makapu kukhitchini, m'nyumba muli iye ndi bambo ake basi. Anamva mapazi m'balaza. Sikunali kukhwekhwereza kumene anakuzolowera. Anali mapazi a munthu wonyamula mwendo, kuponda, kudikira, kunyamulanso. Atasuzumira anaona bambo ake akuyenda okha pa simenti yopanda kanthu, akuponda ndendende m'malo amene munali mizere, milomo ili chitsekere, mutu atapendeketsa ngati munthu womvetsera wailesi ya kwa aneba. Anafika pa mpando, koma sanakhale. Anaponda kachisanu ndi chimodzi, kenaka kachisanu ndi chiwiri. Aliyense wodziwa nyumbayo akudziwa kuti kutsogolo kwa mpandowo kuli chitseko chotulukira panja, ndipo kuseri kwa chitsekocho kuli masitepe khumi ndi anayi otsetserekera kumsewu. Mwanayo anawagwira dzanja lili kale pa chotsegulira.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Ndisiye, mwanawe," anatero. "Amayi ako sanasiye kuwerenga."

Ine ndinagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu, ndipo ndikudziwa kuti matenda amenewa, ngakhalenso mankhwala ake, amamvetsa munthu mawu amene palibe akuwalankhula. Ndi zimene ndinamuuza mwanayo pa foni, ndi mawu a munthu wodziwa zinthu. Lachitatu ndinapita ndekha ndi tepi yachikasu kukabwezera mizere. Bambo anali atagona kuchipinda, atayang'ana kukhoma, chitseko chili chotseka. Ndinagwada, n'kumata woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ndikudula wachinayi, mawu anatuluka kuchipindako: "A nesi, akuti wachitatuwo mwautalikitsa." Mwanayo anatulutsa kabuku kamene amayi ake ankalembamo miyezo, tinayeza, ndipo mzerewo unali utapitirira ndi zala ziwiri. Ndinaumatula n'kuukonza. Ndinachita mantha, ndipo sindichita manyazi kuzilemba pano.

Titatha, mphunzitsiyu anawadzutsa bambo ake, nawaimika pakhomo, naima kutsogolo monga ankachitira amayi ake. Anayamba kuwerenga mwachangu, ngati ali m'kalasi. Bambo anakwinya nkhope.

"Mmodzimmodzi, chonde. Mukundisokoneza."

Mwanayo anandiyang'ana. Kenaka anasiya kutsogolera, nayamba kuyang'ana mapazi a bambo ake, n'kumatchula nambala pamene phazi likunyamuka, mpaka mawu ake anagwirizana ndi kuwerenga kumene ife sitinkakumva. Atafika pa isanu anati, "Khalani, bambo." Iwo sanakhale msanga. Phazi lamanja linali m'mwamba, litaloza kuchitseko, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali, khutu lili kwina. Mwanayo anabwereza, misozi ikutsika: "Ndine mwana wanu. Khalani." Phazi linatsika pang'onopang'ono, ndipo anakhala. Zatheka kamodzi kokha. Za mawa sitikudziwa.

Chifukwa cha ichi, bungwe lagwirizana kuti mamembala azisinthana m'nyumbamo tsiku lililonse pamene mwanayu ali kuntchito, ndipo tikupempha abale mwaulemu kuti mizereyo isakhudzidwenso, chitseko cha kumasitepe chizikhala chokhoma, ndiponso pasapezeke wotsutsana ndi bambo pa zimene akumva. Kwa mwana wamwamuna wa malemu, amene mwa mantha wanena kuti ndi bwino kuwamangirira bambo pa mpando ndi nsalu, tikuti tamva kuwawa kwa mtima wanu, koma amayi anu anagwada pansi zaka khumi ndi chimodzi kuti munthu ameneyu aziyenda, choncho phunzirani kuwerenga, muthandize mlongo wanu.

M'malo mwa komiti ndi mamembala onse, amene ambiri a iwo odwala awo akuyenda lero pa mizere yomatidwa ndi manja a malemuwa, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu bambo, amene mwataya mkazi, namwino ndi mnzanu pa tsiku limodzi. Kwa inu ana, amene mwasenza katundu musanapukute n'komwe misozi. Ndi kwa abale onse. Mulungu akupatseni mphamvu, akulimbitseni maondo, ndipo asakusiyeni nokha m'masiku amene akubwerawa.

Pomaliza, sindinalembepo kalata kwa munthu amene tamuika kale m'manda, ndipo sindikudziwa ngati udindo wanga ukundilola, koma komiti yandituma ndipo ndikutero. Mayi athu a Telala, ntchito yanu mwaigwira, ndipo palibe angakunenereni kanthu. Tikudziwa kuti simunawasiyepo bambowa ataima okha pakhomo, kupatula tsiku lija, ndipo silinali vuto lanu. Koma ana anu akuwafunabe. Ngati mukuwerengabe, tikukupemphani ndi ulemu wonse: mukafika pa isanu, lekezani pomwepo.

Ine wanu wolira nanu,
Wapampando,
Bungwe la Osamalira Odwala Ubongo ndi Mitsempha