Kabokosi Koimba pa 60

Lolemba, 9 Juni

Makiyi a Chigubu, galimoto yanga, andilanda. Wolanda wake ndi mwana wanga yemwe, Namwino, amene ndinkamupukuta mamina ndi manja angawa. Wawaponya m'chikwama chake cha kuntchito pamodzi ndi thonje.

Mlandu wake ndi uwu. Dzulo wapolisi wa pamsewu anatiimitsa, kusuzumira m'galimoto, n'kuona muvi wa liwiro utathothoka, uli gone pansi pa 0. "Madala, liwiro lanu mumalidziwa bwanji?" Ndinati ndimamvetsera. Anaseka mpaka chipewa kupendekeka n'kutilola kuti tizipita. Koma Namwino anali pampando wakumbuyo, ndipo iye sanaseke.

Muviwo unamwalira zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Sindinaulire. Pa 40 kambale ka phulusa la fodya kamanjenjemera. Pa 60 chitseko cha kabokosi ka kutsogolo chimaimba, trrrr. Pa 80 galasi loonera kumbuyo limawerama lokha ngati likupepesa. Mita inanso ya chiyani?

Chigamulo: pofika Loweruka mukhale chinthu choonetsa liwiro ndi manambala. Apo ayi, Chigubu akhala panjerwa, ine ndizikwezedwa basi ngati thumba la makala.

Lachiwiri, 10 Juni

Mkamwini wabwera ndi kaphukusi. Ndimamutcha a Foni, poti sathira mchere asanafunse foni yake. M'kati muli kasikirini konga sopo wosambira: pamwamba liwiro, pansi kuzungulira kwa injini. Kali ndi pulagi yongosomeka, koma Chigubu anabadwa bowo la pulagiyo lisanatulukire. Ndiye ndi mawaya anayi: wa moto, wa kuchitsulo, ndi awiri olumikiza ku kompyuta ya injini.

"Bambo, tingoitana wamagetsi."

Ndati zaka makumi anayi pa lole, mawaya ndinkasenda ndi mano kuthengo. Wayang'ana m'kamwa mwanga. Ndati inde, mano anapita, koma mutu anausiya.

Lachitatu, 11 Juni

Batire ndayamba ndachotsa. Ndine wachibwana koma si wopusa.

Kompyutayo imakhala kuseri kwa kabokosi koimba kaja. Nditamasula ndapezako chipeso chomwe ndinanamizira mlamu wanga kuti anaba. Izi zithere m'buku muno.

Mawaya ake ngati matumbo a nkhuku. Pepala lomwe a Foni anasindikiza likuti wa liwiro ndi wapepo wa mzere woyera, wa injini ndi wakuda wa mzere wabuluu. Maso angawa onse akuwaona otuwa. Ndakapempha mayi a kunyumba, a Telala, amene amasiyanitsa ulusi woyera ndi ulusi woyera unzake. Agwada ndi tochi, akudandaula za mawondo.

"Uwu si wapepo, inu abambo, ndi wofiirira wakuda ndi fumbi. Wapepo ndi uwu wabisala pansiwu."

Amangirira kaulusi kofiira pa wina, kachikasu pa winayo. Ndasenda pang'ono osadula, kupota, kuwotcherera ndi mtovu, kukulunga tepi. Wa moto ndatenga pa fyuzi ya wailesi, wakuda ndamanga pa bawuti ya chitsulo.

Pogwira womaliza ndinayamba kunjenjemera thupi lonse, maso m'mwamba, lilime kunja. A Telala anakuwa mpaka agalu a kuseri kuyankha. Kenako anaona batire ili phee pakhonde. Tepi yoyezera zovala imapweteka, ndaphunzira lero.

Lachinayi, 12 Juni

Namwino anadutsa popita kuntchito n'kundibwereka makiyi mphindi zisanu kuti ndingoliza injini. KAYAKA! Manambala obiriwira, injini 800, ndikaponda mafuta akukwera. Kabokosi ndabwezera momwe kanaliri. Ndavina pabwalo, chiuno chandikumbutsa zaka zanga.

Lachisanu, 13 Juni

Zavuta.

Namwino anabwera masana, kundipatsa makiyi kuti tikayese. Ine mapewa m'mwamba. Titalowa msewu waukulu kambale kanayamba kunjenjemera. Ndinati 40. Kasikirini: 80. Ndinapondabe mafuta. Kabokosi kataimba, kasikirini kakuti 120.

"Bambo imani! Imani! Zaka zonsezi mumatiyendetsa chonchi? Ndi ana anga m'katimu?"

Ndinati mwanawe, lole ya mkaka yangotipitirira apa, kodi iyo ikuuluka? Sanamve. Akuti makina sanama, amanama ndi bambo ake. Pamenepo mbiri yanga yandigwetsa, sindingatsutse. Pobwerera anayendetsa yekha, ine pampando wa wodwala.

Zandiwawa kwenikweni. Nthabwala ndinazisowa mpaka kufika pageti.

Madzulo ndabwereka magalasi a a Telala n'kuwerenga kapepala ka m'phukusi, chala pamzere ngati ku sukulu. Kani kachinthuka sikaona msewu. Kamangowerenga kugunda komwe kumabwera pa waya, ndipo umayenera kukauza kuti galimoto yako imagunda kangati: 2, 4 kapena 8. Kali pa 2. Manambala onse anatuluka owirikiza kawiri ndendende. Sukulu ndinalekeza sitandade 6 koma izi ndaziona.

Sindinakhudze batani. Ndikasintha ndekha ati ndakanyengerera. Pafunika mboni.

Loweruka, 14 Juni

Tsiku la chiweruzo. Ndapempha makiyi komaliza, ngati munthu wopempha madzi asanamunyonge. Namwino ndi amayi ake kumbuyo, a Foni pambali panga. Foni yawo imayeza liwiro kudzera kumwamba, lero yagwira ntchito yooneka. Kasikirini ndakaphimba ndi chipewa.

"Ine ndizitchula, inu apongozi muziwerenga. Ndikaphonya, njerwa ndikasenza ndekha."

Kambale kanjenjemera. "40!"

A Foni: "41."

Trrrr. "60!"

Anayandikitsa foni kumaso. "60, bambo. Yeniyeni."

Kumsewu wowongoka kuja kopanda nyumba ndinaponda. Chigubu anabuula, kukoka, kukoka, galasi n'kuwerama mwaulemu. "80!"

"79."

"Foni yanu yatsalira, muikonzetse."

Ndavundukula chipewa: 158. Ndaima pambali, kuonetsa Namwino kapepala, n'kumuuza adine yekha batani ndi chala chake chobaya anthu jakisoni. Waika pa 4. Pobwerera onse atatu, foni, kasikirini ndi kabokosi, amayankhula chimodzi ngati mboni zogula.

Pageti Namwino sanatambasule dzanja. Makiyi anatsala m'manja mwanga.

"Pepani bambo."

"Ine ayi. Amene unamunyoza ndi uyu."

Anawerama ndithu pawindo, namwino wamkulu wa wodi yonse, n'kunena kuti pepani a kabokosi. A Telala akuti tsopano m'nyumba muno simupumika mpaka chaka chithe. Akunena zoona. Oyandikana nawo atatu ndawafotokozera kale, wachinayi anandiona n'kutseka chitseko.

Lamulungu, 15 Juni

Ndinagona pang'ono titadya masana. Podzuka ndapeza a Foni akupukuta manja, nkhope ili ngwee. Akuti pofuna kupepesa amanga masikuluwu onse a m'galimoto, aika timphira pa chitseko cha kabokosi, galasi alilimbitsa. Ndathokoza. Mwana wa eni wachita ndi mtima wabwino.

Ndatenga a Telala kuti tikazungulire. 40, chete. 60, chete. Manambala okongola, olondola, koma m'galimoto ngati m'chipinda cha odwala. Ndimangoyang'ana kasikirini ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe.

A Telala anayamba kusuntha pampando.

"Tili pa chiyani?"

"65."

"Iii! Ndiye ine ndidziwa bwanji nthawi yokukalipirani? Timanambala timeneto sindikutiona."

Anatsegula chikwama, kufufuza pansi pa maulusi, n'kutulutsa kasikuludiraiva ka makina osokera. Anandipatsa. Ndinaima pansi pa mtengo, kuchotsa kamphira kamodzi, sikuluwu ya kumanzere kuibweza theka.

Tanyamuka. 50. 55. 58.

Trrrr.

"Chepetsani, inu abambo, mutipha!"

Ndachepetsa.