Azakhali Akuti Ndibwerere ku Aston

Loweruka, 7 Sepitembala

M'basi, tanyamuka ku Digbeth, mu Birmingham. Ine ndi msuweni wanga Tiwa, mwana wa azakhali a ku Aston. Tenti yobwereka, zikwama ngati tikusamuka. Tikupita kumpoto kwenikweni kwa Scotland, kugombe, tizikangoimitsa magalimoto. Tiwa akuti kumeneko salipiritsa. Matola aulere? Ndikaone ndi maso angawa.

Ndaimbira adadi ku Mponela ndisanakwere. Atuluka m'chipatala, koma lilime likadali lolemera chidwalireni sitiroko ija. Ndimafuna kulepheretsa ulendo. Akuti, "Pita ukapume, Deliwe, ntchito ya ku chipatala cha Walsgrave ingakuphe." Ndalonjeza kuwaimbiranso Lachitatu.

Lolemba, 9 Sepitembala

Kunja kwa Thurso. Taima pamsewu chala m'mwamba kuimitsa magalimoto, mpaka chalacho kuuma. Magalimoto odzaona malo akungodutsa, ena kutibayibitsa ndithu, ngati taimira moni. Kenako gogo wina wachizungu watitenga, galu wake atandikhala pamiyendo mpaka ku Bettyhill. Nyanja yakuda bii, mitengo kulibe, nkhosa zokhazokha. Tiwa akujambula chilichonse, akuti n'kokongola. Mwana wobadwira ku Birmingham, mavuto amachita kukawafuna patchuthi.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Mvula. Tenti ikudontha. Tiudzudzu tating'ono tandidya nkhope yonse. Netiweki palibe.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Ku Tongue, pakashopu, foni yagwira. Mamisidikolo mbwee. Ndaimbira adadi, yozima. Achimwene a Justus kumudzi, ikungoitana. Azakhali okha ndiwo ayankha.

"Muli kuti ananu? Deliwe, matenda a bambo ako abwererako pang'ono. Bwerani kuno ku Aston tidzakambirane."

Ndafunsa ngati ali m'chipatala. Akuti akupuma. Ndati ndikufuna kumva mawu awo. Akuti, "Iwe ingobwera. Mpatse Tiwa foniyo."

Tiwa wapita nayo kuseri kwa shopu. Wabwerako akuyang'ana nsapato zake. "Mum says we should just come back."

Kayankhulidwe kameneka ndimakadziwa. Kwathu munthu ali panjira samuuza maliro, amati angadzigwetse pamsewu. Amati matenda akula. Koma nthawi zinatu matenda amakhala atakuladi, munthu ali moyo. Ndagwira pamenepo. Ndikuopa.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Basi ya lero yatisiya tikupinda tenti. Tabwerera pamsewu. Msewu wake kanjira ka galimoto imodzi, ukhoza kugonapo tulo.

Ndamufunsa Tiwa bwinobwino. "I don't know, Deli." Ndamufunsanso mokalipa. Ndamuuza kuti ndimamusintha matewera ine, asandipusitse. Wangolira, akuti amayi ake amulumbiritsa kuti asayankhule za akuluakulu. Ndiye pali choti asayankhule? Wanyamula chikwama changa pamwamba pa chake, Tiwa amene kwawo sachotsa ndi mbale yomwe patebulo.

Sindinafunsenso. Chilungamo chake, sindikufuna andiuze. Bola pamene sananene, adadi ali pakhonde akumvera wailesi.

Madzulo yatitenga vani yonyamula nkhanu. Tinakhala kumbuyo, fungo lake losaneneka. Dalaivala amafuna macheza, akuti holide ikuyenda bwanji. Ndinati bwino.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Inverness. Tikudikira basi ya ku Glasgow, kenako ya ku Birmingham.

Gulu la pabanja pa WhatsApp lili zii. Gulu limene m'mawa uliwonse mumagwa mavesi ndi zithunzi za maluwa. Ndiye kuti atsegula lina, ine mulibe. Anthu a kutchalitchi, ena osandilankhula chaka chonse, akulemba kuti, "Sis, muli safe? Mufika liti?" Onse aphunzitsana. Ndakwiya. Ndine munthu wamkulu, ndimagwira ntchito m'chipatala, achibale a odwala timawauza zoona tsiku lomwelo. Koma anga andiika m'thumba ngati mwana.

Ndawatumizira adadi voisi. Ndawauza za nkhosa, za galu uja, kuti ndaona nyanja yopanda ndi bwato lomwe. Ndati pepani Lachitatu sitinayankhulane. Katiki kamodzi, sinafike.

Loweruka, 14 Sepitembala

Aston. Tafika pa tsiku la mpira, misewu yodzaza anthu opita ku Villa Park, akuimba, mowa m'manja. Ife kupanikizana nawo ndi zikwama zathu zonunkha nkhanu.

Titakhota kona ya kwa azakhali ndinaona sofa ili panja, pakabwalo kakutsogolo, ataifunditsa pulasitiki. Azibambo a kutchalitchi ataima chete m'mbali mwa mpanda. Pakhomo nsapato za azimayi mulu. Ndinaima pomwepo. Tiwa anandigwira mkono, akungoti, "Sorry, sorry, she made me promise."

Azakhali anatuluka, duku kumutu, maso otupa. Adadi ndi mchimwene wawotu. Komabe akuti, "Lowa kaye, mwanawe, ukhale pansi, umweko madzi."

Ndinati sindilowa. Ndinati mundiuze pompano, panja pano, ndi pakamwa panu.

Anayang'ana azibambo aja, palibe anawathandiza. Ndiye anati, "Anatisiya Lachiwiri m'mawa. Nyumba yachisoni inavuta, sakanadikira. Aika dzana."

Dzana ndinali pamsewu ndi chala m'mwamba. Ndikanadziwa ndikanaimba kumudzi, ndikanaonako ngakhale bokosi pa foni. Ndinawauza zimenezo. Anati amandisunga.

Mayi wina anandimanga chitenje pamwamba pa thalauzi lamatope. Ndalemba izi m'bafa, chitseko chokhoma. M'nyumba ayamba nyimbo. Azakhali akugogoda, akuti anthu akudikira kundipepesa.