Bulangeti la alendo ladyedwa ndi chiswe

Aphungu,

Musandiseke msanga, chifukwa a m'mudzi mwathu andiseka kale mokwanira. Ndine mai wa zaka zopitirira makumi asanu, ndimakhala kufupi ndi Sinda. Ine ndi amuna anga, a Rabson, timalima chimanga, nshawa ndi thonje. Kuno ndimadziwika ndi chinthu chimodzi: kusunga. Sopo ndimadula ndi ulusi kuti pasagwe kanyenyeswa. Machesi ndimagula mwa apo ndi apo, moto ndimakapala kwa anzanga. Saladi, mafuta ophikira aja, ndimathira m'ndiwo ndi kachivundikiro ka botolo, ndipo botololo likatha ndimalizondotsa pamphika mpaka litagwetsa msozi womaliza. Shuga ankakhala m'kabati yokhoma, kiyi ili pamfundo ya chitenje changa. Sindinkachita nazo manyazi. Ndi dzanja lolimba lomweli ana onse anapita kusukulu, ndipo chaka cha njala sitinakagwade pakhomo pa munthu.

Chaka china thonje linatikomera. Titagulitsa tinapita ku Katete, ndipo m'sitolo ina a Rabson anaona bulangeti lochindikala, lofewa ngati kamwana ka mphaka, lojambulidwa kambuku wamkulu, lili m'chikwama chake cha zipi. Bambo amene sapempha kanthu anaima pamenepo ngati mwana woona zitumbuwa. Tinaligula, pamodzi ndi mbale zadothi zamaluwamaluwa. Titafika kunyumba ndinati, "Izi n'za alendo." Zonse ndinazilonga m'bokosi lamatabwa, n'kulikankhira kukhoma kuchipinda, pamwamba pake n'kuikapo wailesi.

Alendo anabwera, Aphungu, sindinama. Koma aliyense ndinkamupezera chifukwa. Alongo anga a ku Vubwi ndinati ndi abale, si alendo. Abusa anagona tsiku limodzi lokha, ndinati uku n'kuvutitsa zipi. Makolo a Fridah, mkazi wa mwana wathu Webby, anabwera mu Okutobala, ndipo ndinayamika Mulungu chifukwa cha kutentha. Nyengo yozizira ikafika a Rabson ankafunsa, "Amake Webby, kambuku uja sangatulukeko chaka chino?" Ine ndinkayankha, "Lakale lija likadali ndi moyo." Moyo wake unali wotani? Zigamba zinachuluka moti mwini wake wa fakitale sakanalizindikira.

Mu Juni chaka chino a Rabson anayamba kutsokomola, thupi kutentha, kupuma mobanika. Webby anathamangira nawo kuchipatala ku Katete, kumene adokotala anatiuza kuti ndi chibayo, n'kuwagoneka. Ine ndinapita kukawadwazika nditanyamula bulangeti lazigamba lija. Achipatala anawafunditsa lawo, ine n'kuwonjezera lathu, koma bambo ankanjenjemerabe mpaka bedi kumalira. Pabedi loyandikana nalo panali mkulu wina wofunda bulangeti lokongola, ndipo akazi ake maso sankawachotsa pa lathuli. Ndinasankha chigamba chachikulu pa zonse n'kuchikhalira kuti chisaoneke.

M'mawa wina Fridah anabwera ndi phala. Anagwada pafupi nane n'kunong'ona, "Amai, atate akuzizidwa." Ine ndinati, "Ndi matendawa, dzuwa likakwera asiya." Pamenepo a Rabson anatsegula maso, nanena ndi mawu otsika, "Amake Webby, kuno si kwathu. Bedi si langa, khomo si langa. Kodi mpaka pano sindinakwanebe kukhala mlendo?"

Ena m'wodimo sanamve tanthauzo lake. Ine ndinamva.

Ndinakwera minibasi yobwerera ku Sinda, ndipo koyamba m'moyo wanga sindinakangane ndi kondakitala za mtengo. Nditafika ndinachotsa wailesi, n'kutsegula bokosi. Pamwamba zonse zinali m'malo mwake, kambuku akundiyang'ana m'chikwama. Nditanyamula, m'manja mwanga munatsala chogwirira, zipi ndi mutu wa kambuku. Kwinako kunali dothi lokhalokha. Chiswe chinaboola thabwa lapansi, n'kumanga mudzi wonse m'katimo, wa misewu yake yomwe. Alendo anga anali atafika kalekale, Aphungu. Anafunda, atatha kufunda anadya. Mbale zokha n'zimene zinapulumuka, poti chiswe sichinaphunzire kutafuna mbale.

Ndinakhala pansi n'kulira, osadziwa ngati ndikulirira bulangeti kapena bambo amene ndinawasiya akunjenjemera. Kenako ndinapinda kamutuko n'kubwerera ku Katete. Ndinapeza a Rabson ali gone, atafunda bulangeti lochindikala labuluu. Fridah anali atapita pa salaula, pamsika wa zovala zovalidwapo kale, n'kuligula ndi mpamba wake wa tomato amene amagulitsa pamseu. Mwana wa eni ake sanandinene, anangondipatsa mpando. A Rabson atadzuka anafunsa, "Nanga kambuku ali kuti?" Ndinatulutsa mutu uja. Anauyang'ana, anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira, namwino n'kubwera kudzatikalipira tonse. Anaukulunga m'khosi, nati, "Ndafundako ndithu. Mukawauze a kumudzi."

Anachira, Mulungu ngwabwino. Koma amene ndinabwera naye kunyumba ndi munthu wina. Kiyi ya kabati anandilanda pamaso pa ana. Tiyi wawo tsopano supuni imachita kuimirira yokha ndi shuga. Sopo akusamba ngati akukonzekera ukwati. Mbale zamaluwa akudyera tsiku lililonse, ndipo ina ndinaipeza pabwalo anapiye akumweramo madzi. Pano akuti tigulitse nshawa zonse kwa ogula amene akuzungulira ndi masikelo, tigule matiresi aakulu. Ndikangotsegula pakamwa kuti ndiwaletse, amanena liwu limodzi lokha: "Chiswe." Ine n'kutseka. Kuchitsime nako azimai amandilonjera kuti, "Alendo anu adzuka bwanji, amake Webby?"

Zosekazo ndingapirire. Chikundiopsa n'chakuti chimanga chaka chino sichinachuluke, zinthu m'masitolo zikukwera mtengo mwezi ndi mwezi, ndipo nshawazo n'zimene timagulira feteleza. Tikamwaza zonse pano, mvula ikadzafika pakati tidzakhala tikuyang'anana. Ndikudziwa kuti apa ndikunena zoona, koma ndani angamvere mai amene ananenepetsa chiswe? Fridah naye thebulo lake la tomato lili mbee kuyambira tsiku lija, ndipo ndikamuona ndimasowa poyambira. Tsiku limene adokotala anatiuza kuti tikaonekerenso kuchipatala layandikira, koma poona mmene bambo akudyera ndikuganiza kuti ndalama ya minibasi ingotsala, poti achira kale.

Ndiuzeni, Aphungu. Kodi zaka zonsezi ndinali wosamala kapena chitsiru chabe? Ndisunge bwanji kuti banja lisagone ndi njala, popanda kudyetsanso tizilombo?

E.M., Sinda

Amai E.M.,

Mwandiletsa kuseka, koma pa mutu wa kambuku ndalephera, mundikhululukire. Tsopano tikambe.

Chitsiru simuli. Chitsiru sichiphunzitsa ana, sichidutsa chaka cha njala osapempha. Munangoiwala kuti chinthu chimasungidwira munthu. Wosunga amadziwa tsiku limene chinthucho chidzagwire ntchito. Woumira amapemphera kuti tsikulo lisafike. Inu pa shuga ndi saladi munali wosunga, pa bulangeti munawolokera tsidya lina. Mlendo wolemekezeka amene munkamudikira ankagona pambali panu zaka zonsezo.

Yambani ndi Fridah, mawa lomwe. Poyambira musapasowe: gulitsaniko nshawa pang'ono, mum'bwezere mpamba wake, ndipo mumuuze ndi pakamwa panu kuti, "Mwana wanga, unandiveka." Thebulo lake ndi munda wake. Aliyense wa ife angafune mpongozi wotere, musamusiye akulipira manyazi anu.

A Rabson musalimbane nawo pa kapu ya tiyi. Munthu amene wasuzumira kumanda amabwerako ndi njala ya zonse zimene anamanidwa, ndipo njalayo imatha yokha ngati simukuithira nkhuni. Sankhani nthawi imene akhuta ndipo muli awiri. Muyambe ndi kuvomera kuti pa bulangeti munawalakwira, musanene mwanthabwala ayi. Liwu lija la chiswe lidzatha mphamvu mukalinena inu eni ake. Mukatero mugawane nshawazo patatu: za mbewu, zodya, zogulitsa. Za mbewu ndi zodya sizikhudzidwa. Pa zogulitsazo, matiresi avomereni, msana wogonapo ndi wanu womwe, koma akhale a msinkhu wa thumba lanu, osati a ngongole. Zotsala zidikire. Nthawi yokolola aliyense amagulitsa ndipo wa sikelo ndiye amalamula mtengo. Nthawi zambiri umadzakwera m'tsogolo, ndipo ndi pamene mudzapeze ya feteleza. Zisungeni zosaswa, zouma bwino, pathandala, kutali ndi khoma, ndipo muzizisuzumira kawirikawiri. Mwaona kale zimene zimachitika ku chinthu chosayenderedwa.

Kiyi isabwerere pachitenje chanu, isakhalenso m'thumba mwawo. Ikoleke pamsomali. Shuga wa sabata muzimuyeza limodzi m'botolo, akatha Lachitatu ndiye kuti tiyi wa Lachinayi ndi wamaso, ndipo wolakwa adzadzidziwa yekha. Muwauzenso kuti wochira samangidwa thupi ndi shuga. Apatseni mazira a nkhuku zanuzo, phala la nsinjiro, ndiwo zamasamba. Mbale adyere, n'chimene zinagulidwira. Anapiye okha apezereni chigoba.

Ndalama zambiri sizithawira m'kanyenyeswa ka sopo, amai. Nyemba zinyikeni m'madzi musanaphike, ndipo mphika uzivundikiridwa. Nkhuni ndi malasha zidzakhalitsa. Sopo gulani wamtanda, mumudule, aume kaye musanayambe kuchapira, sasungunuka msanga. Saladi wa timapepala ndi wokwera mtengo mobisa: gwirizanani ndi anzanu awiri a kuchitsime omwewo, mugule chigubu chachikulu n'kugawana. Masamba a maungu ndi khwanya zikachuluka futsani, kuti mwezi wouma musagule ndiwo. Gaga musamusiye kuchigayo, ndi chakudya cha nkhuku. Ku Katete muzipita zofuna zikaunjikana, osati ulendo wa mchere lero, wa parafini mawa. Ndipo gwirani lamulo ili: chimene chiswe, njenjete kapena dzimbiri zingadye, chigwiritseni ntchito chikadali chabwino. Chosunga chikhale chimene chimabereka, monga mbewu, nkhuku ndi mbuzi.

A kuchitsime akakufunsani za alendo, ayankheni kuti anakhuta ndipo anatsanzika. Nthabwala imene mwini wake akuseka nayo sikhalitsa.

Koma pali mzere umodzi m'kalata yanu umene sindinaseke nawo. Mwaulemba mothamanga, poganiza kuti sindiuona. Tsiku la kuchipatala musaliphonye. Chibayo sichiyezedwa ndi kukula kwa mbamu imene munthu akumeza, amene angati achira ndi adokotala atawamvetsera m'chifuwa. Kwerani minibasiyo nonse awiri, mukangane ndi kondakitala ngati mtima ukufuna, koma mukafike. Zambiri zimene munthu wataya amakazipezanso pamsika. A Rabson ena simudzawapeza pa salaula.

Aphungu