Nkhuku zazingidwa ndi a Molefe

Amake Dalila,

Andiitana kumgodi mwadzidzidzi, wa shifiti yamasana wadwala, ndiye simundipeza. Werengani kaye musanayatse moto.

Nkhuku za ana amene mumawaphikira kusukulu kuja patchuthi pano ndabwera nazo zamoyo kuchokera ku Segwaelane monga munanenera, kuti ndizinge ndekha mwachisilamu. Ndinazimangirira pampanda n'kulowa m'nyumba kukanola mpeni. Potuluka ndapeza aneba athu a Molefe atazidula kale makosi zonse, akumwetulira mano onse pamtunda. Akuti amandithandiza. Bisimila sanatchule, munthu wa tchalitchi akanaidziwira kuti? Musawakalipire, paja madzi timatunga pampopi pawo.

Ndiye ana athu achisilamu nkhukuzi sadya. Muphikire ana Achitswana mumphika wa kusukulu, osati wathu, chipande chakenso chikhale chapadera. Athuwa muwaphikire nyemba, kabichi ndi karoti.

Ndikudziwa, mwana wa nyemba akamva fungo la nkhuku amaiwala za kumadrasa. Mmodzi akangonyambita msuzi, amayi awo mawa sawatumizanso, ndipo azikangodya machipisi ndi maswiti kutakishopu mpaka sukulu itsegule. Tsono tengani usipa wanga uja unabwera ndi a Tahiru kuchokera ku Mangochi, uli m'chitini pamwamba pa wadiropu. Tengani wonse muwaphikire athuwa, ndalira kale. Muthiremo tomato wambiri. Achitswanawo akasiya nkhuku n'kubwera kudzapempha, musawamane.

Pepani mayi. Mitu ya usipayo musataye, ndidzadyera imeneyo.

Ine wanu,
Sadiki