Zikhomo M'munda wa Amayi

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Phalula. Tonse tili bwino, kupatula amayi amene akudandaula miyendo. Kaya inu ku Halaleko?

Mtima wanga suli m'malo. Lachiwiri kunabwera anthu a Boma pamodzi ndi mzungu wina kudzafuna malo oti agule, amangepo sukulu. Anapeza amuna anga akupalira m'munda wa amayi, n'kufunsa iwowo. Poopa mzungu, anangoti, "Inde bwana." Mkamwini n'kuvomera za munda wa eni ake! Pano akhoma kale zikhomo mpaka pa mango munabzala aja.

Sukuluyo ndikuifuna, ana asamayendenso mtunda wautali. Koma mwini mbumba ndinu. Yankhani msanga: ndizule zikhomozi kapena ndizisiye? Chimanga chikukula pakati pake.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Rozina